Mafunso ndi mayankho a oimba bezi: gitala, ampu, magetsi ndi za kushoo

Ndaimba bezi zaka zambiri ndithu, kutchalitchi, m'maukwati, m'mabala ndi mashoo a pabwalo, nde ndikangotsika pa siteji pamakhala achinyamata awiri atatu ondidikira ndi mafunso, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo. Ndaona kuti bola ndingowayankha pamodzi. Koma ndineneretu chimene chimandiwawa: saundi ya bezi kuno kwathu nthawi zambiri siwonongeka chifukwa choti gitala ndi yotchipa ayi, imawonongeka ndi kebo yothaitha, magetsi osadalirika komanso khosi la gitala lopindika limene chigulireni palibe analikonzapo.

Ndikufuna kugula bezi yanga yoyamba, ndigule iti?

Gulani imene mwaigwira ndi manja anu n'kuimva. Mabezi ambiri amene mukuwaonawa anatengera mitundu iwiri ya Fender, Precision imene inatuluka mu 1951 ndi Jazz Bass ya mu 1960. Precision imalira mokhuthala, siivuta, ndipo imakhazikika bwino pansi pa nyimbo. Jazz ili ndi ma pickup awiri (timaginito totola kulira kwa mawaya), khosi lake ndi lowonda pang'ono kumtundaku, nde mukhoza kuisintha kuchoka ku saundi yonenepa ya rege kufika ku yakuthwa ya sungura ndi rumba. Aston Barrett wa The Wailers uja ankaimba Jazz Bass, ndiye musamaganize kuti ndi gitala ya saundi yopyapyala.

Fender yeniyeni ndi yodula, koma Squier, Yamaha, Ibanez ndi Cort amapanga zabwino zoti mungaimbe nazo zaka khumi osadandaula, ndipo Sire nayo anzathu ambiri aikonda. Chenjerani ndi zija zolembedwa Fender pamutu koma mtengo wake wofanana ndi njinga yakapalasa, zimenezo ndi dzina lokha. Ngati mukugula kwa munthu, kaya yabwera pa basi kuchokera ku Joni kaya ndi ya kaunjika wa ku UK, ilumikizeni ku ampu kaye, imbani fret iliyonse (timizere tachitsulo ta pakhosi tija) pa waya uliwonse kuyambira kumutu mpaka kumunsi, tembenuzani ma knob onse mumve ngati akukhwekhwereza, gwedezani kebo pamene yalowera paja, kenako muyang'ane khosi ngati mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Lopindika ngati uta limakonzeka. Lopotoka ngati chingwe, isiyeni olo akutsitsireni mtengo bwanji.

Ya mawaya 4 kapena 5?

Ngati mumaimba gospel ndi wa kiyibodi amene amakonda E flat, D flat ndi ma key otere, ya 5 ikuthandizani chifukwa muli ndi waya wa B wotsika uja ndipo simuzingothamangathamanga pakhosi. Koma B ameneyu amalira cha pa 31 Hz pamene E ali pa 41 Hz (nambala ikamachepa ndiye kuti mawu akutsika), nde pa ampu yaing'ono amangomveka phwee ngati mphepo, komanso waya wosaimbidwa umang'ung'udza wokha mukapanda kuutseka ndi chala chachikulu. Amene mukuyamba kumene, ya 4 ndi yokwana. Pajatu babatoni ali ndi waya umodzi wokha koma anthu amavina mpaka fumbi koboo.

Active ndi passive zikusiyana pati?

Active ili ndi kabatire ka 9V kumbuyo ndi EQ yake (ma knob okonzera mawu otsika, apakati ndi okwera) pagitala pomwepo, passive ilibe batire. Music Man StingRay ya mu 1976 ndi imene inatchukitsa za active zi. Ubwino wake mumakonza saundi muli chiimire osapita ku ampu. Vuto lake ndi lakuti kebo ikakhala cholowa mu gitala batire limakhala likudyeka olo simukuimba, nde mukasiya chomwecho kuchokera Lachisanu pa practice, Lamulungu mudzangomva saundi ikuyamba kusasa ngati wailesi yotha mabatire, pakati pa nyimbo yachiwiri zii. Zulani kebo mukamaliza. Batire lina lizikhala m'chikwama, la alkaline osati aja a pamsika otha tsiku limodzi, pamodzi ndi ka screwdriver kotsegulira ngati chitseko chake ndi cha masikuluwu.

Mawaya ndizisintha liti? Ndiye zowiritsa zija ndi zoona?

Ndi zoona, ndipo palibe chochititsa manyazi, mawaya a bezi ndi odula komanso sapezeka paliponse. Mumawachotsa, kuwakulunga, kuwaika m'poto wa madzi owira kwa mphindi 10 kapena 15, thukuta ndi litsiro zimachoka, kenako muwaumitse bwinobwino asanabwerere pagitala apo ayi achita dzimbiri. Saundi yowala ija imabwerera kwa masabata angapo. Kawiri ndi kokwana, kachitatu waya amakhala watopa, satchunika bwino ndipo amadukira pa bridge, chitsulo chogwira mawaya kumunsi kwa gitala chija. Poto wake akhale wapadera, osati wophikira ndiwo.

Koma chothandiza kwambiri ndi kansalu kouma. Mukamaliza kuimba pukutani waya uliwonse pamwamba ndi pansi, makamaka mwezi wa October thukuta lili kamukamu, ndipo musambe m'manja mukadya tchipisi musanagwire gitala. Pogula atsopano, 45 mpaka 105 ndi saizi imene imayenera anthu ambiri, a D'Addario, Ernie Ball kapena Rotosound, kungoti abodza achuluka nde mtengo ukatsika modabwitsa dziwani kuti pali chinachake. Amene mumaimba rege yokhayokha ganizirani ma flatwound, osalala aja, amakhala zaka osasintha ndipo akamakalamba m'pamene amakoma.

Mawaya atalikira kwambiri ndi khosi, zala zikupweteka. Gitala yawonongeka?

Ayi, ikungofuna setup. Khosi ndi thabwa, nde limayenda ndi nyengo, dzinja likafika chinyezi chimalisintha, chilimwe likauma lisinthanso, ndipo mukachoka ku Dedza kozizira kukaimba kunyanja ku Mangochi mudzaona kuti gitala yasintha khalidwe. Mkati mwa khosi muli chitsulo chotchedwa truss rod. Dinani waya wa E pa fret yoyamba ndi dzanja lamanzere, chala china chidine pamene khosi lakumana ndi thupi, muyang'ane cha pa fret 7 kapena 8. Pakuyenera kukhala kampata kakang'ono koti kakhadi kokala ka mayunitsi kaja kalowe mothina. Mpata ukakula mangani truss rod ndi allen key yokwana bwino, kota ya mzungulire basi, tchunani, dikirani maola angapo muonenso. Ikalimba osakakamiza, chitsulo chimenecho chikaduka gitala yatha. Mukatero m'pamene mumatsitsa kapena kukweza mawaya pa bridge. Bezi yotchipa yokonzedwa bwino imaimbika mokoma kuposa yodula yosasamalidwa, izi ndaziona ndi maso kambirimbiri.

Ampu ya ma watts angati ingandikwanire?

Bezi imadya mphamvu kuposa gitala ya lead chifukwa mawu otsika amafuna kukankha mpweya wambiri. Ya 15 kapena 25 watts ndi yophunzirira kuchipinda. Ya 100 watts imakwana kutchalitchi kwapakatikati ngati wa ma drums ali ndi chifundo. Bandi yathunthu muholo kapena pabwalo, yambirani 200 mpaka 500. Koma musatengeke ndi manambala, kuwirikiza ma watts kawiri kumangowonjezera 3 dB, kumveka kukwera pang'ono chabe, pamene kuwonjezera bokosi lina la masipika kumamveka kwambiri. Ndipo ziwerengero zija za PMPO zolembedwa 5000W pa kasipika konyamula dzanja limodzi musaziwerengere, funsani RMS, imene imaonetsa mphamvu yake yeniyeni.

Kale maloto a aliyense anali Ampeg SVT ya mu 1969 ija, 300 watts ndi chibokosi cha masipika 8 chachitali ngati filiji, imalira bwino zedi koma ndani angaikweze pa minibasi? Masiku ano kuli ma ampu a mtundu wa class D ngati Fender Rumble, Markbass ndi TC Electronic, opepuka moti mukhoza kukwera nawo kabaza. Chokhacho n'chakuti akapsa amavuta kukonzetsa, pamene ma Peavey, Laney ndi Hartke akale olemera aja amisiri a mawailesi ambiri amatha kuwatsegula n'kuwadzutsa. Inetu kuno kwathu ndimaona kuti zoti chinthu chingakonzeke n'zofunika kuziganizira musanatulutse ndalama.

Ndingagwiritse ampu ya gitala wamba?

Motsitsa kunyumba, eya. Pa shoo ayi, sipika yake siinapangidwire kuyenda mtunda umene bezi imafuna, ing'ambika. Bola ampu ya kiyibodi.

Za ma ohms zi zimandizunguza mutu

Yang'anani kumbuyo kwa ampu, palembedwa minimum, nthawi zambiri 4 ohms. Mabokosi awiri a 8 ohms mukawalumikiza limodzi amapanga 4, zili bwino. Awiri a 4 ohms amapanga 2, ampu imatentha n'kuzima yokha kapena kupseratu. Nambala ikamatsika ampu imagwira ntchito yakalavulagaga. Chinanso, kebo ya gitala si kebo ya sipika olo mitu yake ikufanana, ya gitala ili ndi kawaya kowonda mkati kosatha kunyamula mphamvu imeneyo. Ndipo ngati ampu yanu ndi ya ma valve musaiyatse popanda sipika.

Ndilibe ampu, ndingalowe mu mikisa mwachindunji?

Mukhoza, ndipo ambiri timatero, koma pakati pakhale DI box. Bezi ya passive mukaibaya mu line input ya mikisa ndi kebo yaitali saundi imafooka, kuwala konse kumathawa, phokoso n'kulowa. DI imasintha siginolo kuti iyende pa kebo ya XLR, ya maiki ija, mtunda wautali ili yoyera. Ya passive siifuna magetsi, ya active imafuna batire kapena phantom power ya 48V kuchokera ku mikisa. Ya Behringer yotchipa ija imagwira ntchito, Radial ndi yolimba kwambiri, ndipo SansAmp Bass Driver ya Tech 21 imakupatsaninso kakomedwe ka ampu. Mutandifunsa kuti ndi ndalama zochepa mugule ampu yaing'ono kapena DI yabwino, ine ndingati DI, chifukwa imalowa m'thumba la gitala ndipo kulikonse kumene kuli PA (mikisa ndi masipika a pamalopo) mwafika. Mungopempha injiniya akuikireni bezi mu monitor, sipika yoloza kwa inu ija, kuti muzidzimva.

Magetsi athu ndi majenereta, ndingateteze bwanji zida?

Apa nde mukhale pansi, chifukwa zida zambiri zimene ndaziona zikufa sizinafe ndi kuimba.

Choyamba, magetsi a ku Malawi ndi 230V, 50 Hz. Achibale akakutumizirani ampu kuchokera ku America, kumene amagwiritsa 120V, musathamangire kusintha pulagi n'kubaya pakhoma, werengani kaye kumbuyo. Ina ili ndi switch yosinthira, ina yalembedwa 100 mpaka 240V, koma ina imafuna thiransifoma yotsitsa mphamvu ndipo popanda imeneyo ndi utsi pompopompo. Za ku Joni magetsi ake ndi ofanana ndi athu, pulagi yokha ndi imene imakhala ya mano obulungira, nde ingodulani muike yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi, osati zokanikiza mawaya mu soketi ndi timitengo ta machesi.

Tsiku lina tinkaimba paukwati pamudzi wina, magetsi kunalibe nde eni ake anabwereka jenereta. Nthawi ya perekaniperekani, anthu ali pamzere ndalama zili m'manja, ndinamva jenereta ija ikuyamba kutsokomola, kukwera kutsika, mababu a mu tenti n'kumaphethira. Mafuta anali akutha, komanso kuseri amayi ena anali atalumikiza deep freezer pa extension yomweyo osatiuza. Ndisanafike pa switch ndinangomva thu! kumbuyo kwanga, kenako kafungo kaja ka pulasitiki wopsa kamene aliyense wokonza mawailesi amakadziwa. Ampu imene ndinaisungira ndalama chaka chathunthu inathera pomwepo, ndinamaliza ukwatiwo kudzera mu mikisa mtima uli kuwawa.

Kuyambira tsiku limenelo ndimachita izi. Ndimapita ndekha kukaiona jenereta, kufunsa mafuta alimo ochuluka bwanji ndiponso china chalumikizidwapo ndi chani, filiji, ketulo, makina a popcorn, zonsezo zichoke pa laini ya zoimbira. Jenereta iyambe yalira mphindi zingapo ikhazikike tisanayatse chilichonse. Ampu yanga imadutsa pa AVS kapena fridge guard, kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika mopyola n'kudikira kaye asanabwerere, ndipo mukakhala ndi stabilizer ndi bwino koposa. Poyatsa, ampu ndi masipika zimakhala zomaliza, pozimitsa zimakhala zoyamba. Magetsi akangothima pakati pa shoo, thamangani mukazimitse ampu asanabwere, chifukwa pobwera paja m'pamene amapha zinthu. Fyuzi ikapsa ikani ina ya nambala yomweyo, zokulunga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndi kuchotsa mlonda pakhomo.

Ndikagwira mawaya n'kuyandikira maiki milomo imandishoka, komanso pali kulira kwa hmmm

Zimenezo musaziseke, anthu anafapo pa siteji ndi zomwezo. Ndiye kuti penapake earth palibe, mwina extension ndi ya mawaya awiri okha kapena wina anathyola dzino lachitatu la pulagi. Imani kaye mpaka zikonzedwe, ndipo pabwalo ponyowa musaimbe opanda nsapato. Za hmmm zo, nthawi zambiri ndi chifukwa ampu yanu ndi mikisa zili pa masoketi osiyana. Dinani kabatani kolembedwa ground lift pa DI, kapena tengani magetsi pamalo amodzi ndi PA. Koma kuchotsa earth ya pulagi kuti phokoso lithe, chonde abale, ayi.

Kunyumba imamveka bwino koma muholo bezi imangoti wuuu, manotsi osamveka

Maholo athu ambiri ndi simenti pansi, njerwa m'mbali, malata pamwamba, nde mawu otsika amangozungulira osatha. Anthu akasiya kudzimva amawonjezera bass pa EQ, kumene kuli kuthira madzi m'matope. Chitani mosemphana: tsitsani bass pang'ono, kwezani ma mid, mawu apakati aja, cha pa 400 mpaka 800 Hz, pamenepo m'pamene khutu limagwira notsi. Mukaimba nokha imveka ngati yauma koma bandi yonse ikalowa mudzadabwa. EQ ija yokweza mbali ziwiri n'kukumba pakati imakoma kuchipinda kokha.

Ampu musaiike pakona, kona imakuza kugunda. Ikwezeni pa mpando kapena pa kreti, iloze kumakutu anu osati kumawondo. Gain ikhale poti kagetsi kofiira kakungophethira mukamenya mwamphamvu, voliyumu muzikweza ndi master. Kenako kambiranani mwaulemu ndi achimwene a pa kiyibodi kuti dzanja lamanzere alipepuze, chifukwa nonse mukamaimba pansi pamakhala phala. Ndi wa ma drums mugwirizane za kiki, ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi ija, muzigwera pamodzi, mverani mmene Alick Macheso bezi yake imathamangira koma notsi iliyonse ikumveka payokha, si voliyumu imeneyo, ndi zala ndi kutseka mawaya. Komanso kumbukirani kuti mapemphero ndi mashoo ambiri pano akuonetsedwa pa Facebook, ndipo sipika ya foni singatulutse 41 Hz, nde popanda ma mid anthu oonera pafoni adzangoona mukugwedeza zala.

Ma pedal ndi ofunika?

Tuner ndiye woyamba, wa pansi ngati Boss TU-3 amathandizanso kutseka saundi mukamazula kebo. Wachiwiri compressor, yolinganiza manotsi okwera voliyumu ndi otsika, ngati mumamenya slap (kumenya waya ndi chala chachikulu). Zoom B1 Four ili ndi zonsezi pamodzi pamtengo wofikirika. Zotsalazo zidikire.

Nanga za ndalama, ndizitani kuti ndisamangoimba ulere?

Kambiranani musananyamule gitala. Ndalama zingati, mayendedwe alipira ndani, chakudya chilipo, tiyamba nthawi yanji n'kumaliza nthawi yanji, ma practice ndi angati. Zilembedwe olo pa WhatsApp pokha kuti mawa pasadzakhale zoti sitinatero. Pemphani dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba, makamaka shoo ikakhala kutali, chifukwa mawu oti tionana shoo ikatha ambiri atisiya nawo pa depoti usiku opanda ya basi. Mukabwera ndi ampu yanu imeneyonso ili ndi mtengo wake, ikutha. Kutchalitchi ambiri timatumikira mwaufulu ndipo ndi bwino, komabe si tchimo kuuza akuluakulu a mpingo kuti mawaya ndi mabatire amagulidwa. Ku studio gwirizanani pa nyimbo iliyonse, ndipo ngati mwapeka nawo nyimboyo osati kungoimba, dzina lanu lilembedwe, mukafunsenso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, za kalembetsedwe kake.

Mbali yanu nayo ikwane. Fikani nthawi ya sound check, nyimbo mutaziphunzira kale, gitala itatchunidwa. Mtsogoleri wa bandi amaitananso munthu amene samupatsa BP.

Makutu amalira ndikachoka ku shoo, ndi zabwinobwino?

Ayi, akukuchenjezani. Phokoso lopitirira 85 dB kwa maola ambiri limawononga makutu ndipo akawonongeka sabwerera, nde ife timaima pafupi ndi ma cymbal usiku wonse. Gulani ma earplug, olo a siponji aja a m'mashopu a hardware, ikani makamaka khutu loyang'ana ku ma drums. Masiku oyamba zimakhala zachilendo koma bezi mumaimva bwino kuposa kale chifukwa zosokosa zam'mwamba zimachepa.

Ndizinyamula chani popita ku shoo, ndipo gitala ndiziyenda nayo bwanji?

Makebo awiri osati imodzi, chifukwa kebo ndi imene imafa kawirikawiri kuposa china chilichonse, ndipo muphunzire kuwotcherera nokha ndi soldering iron, jack ikaduka ndi ntchito ya mphindi zisanu. Poimba idutsitseni pa lamba kaye isanalowe mu gitala kuti mukaiponda isazuke. Muikemonso batire la 9V, mafyuzi, allen key, screwdriver, extension yanuyanu ya mawaya atatu, mawaya akale amene munachotsa aja kuti wina akaduka mubwezeretse, tepi yakuda, tochi ndi kansalu kopukutira. Lamba wa gitala akamavuka, timphira tobulungira ta pa mpope wa madzi timagwira bwino pa batani paja.

Mu minibasi gitala isapite ku buti pansi pa matumba a chimanga, ikhale pakati pa miyendo yanu mutu uli m'mwamba, kondakitala akavuta bola kulipira mpando wina. Pa lole ya zida, ampu igone pa matiresi kapena makatoni ndipo sipika isayang'ane kumene kukuchokera fumbi. Musaisiye gitala m'galimoto yotseka padzuwa, ku Chikwawa kapena ku Nsanje maola awiri okha khosi likhala litayamba kale kusuntha. Nthawi ya mvula ikani jumbo yaikulu ya zinyalala m'thumba la gitala, mitambo ikangoda muli pa kabaza mumangoiveka kuchokera kumutu mpaka pansi n'kumanga.